Ma hot rod aku America ndi moto woyambira pa waya wa batire

Anthu akamva zoti galimoto yapsa chifukwa cha batire amaganiza kuti batirelo langophulika lokha, koma ine pa ntchito yangayi ya zamagetsi a galimoto chomwe ndimaopa kwambiri ndi waya wonenepa uja wochoka pa batire kupita ku sitata, ndipo vutoli limaoneka bwino zedi mu ma hot rod aku America.

Hot rod ndi galimoto yakale yoti aichotsa zolemera nkuikamo injini yamphamvu. Zinayambira kummwera kwa California cha m'ma 1930, anyamata akuthamangitsa ma Ford akale pa nyanja zouma ngati Muroc ndi El Mirage, ndipo yomwe anthu amaifera mpaka lero ndi Ford ya 1932, chaka chomwe inatuluka injini ija ya V8 amaitcha flathead. Nde taganizani, galimoto imeneyo inabwera ndi magetsi a 6 volts, mawaya okutidwa ndi nsalu, komanso positive ndi yomwe inkamangidwa ku bodi, Ford anadzasinthira ku 12 volts mu 1956. Lero munthu akuikamo V8 ya Chevrolet, alternator yotchaja batire, fani yamagetsi, pampu ya petulo, pena mpaka kusiyamo mawaya ena akale oti ukangowagwira nsalu ikuyoyoka m'manja.

Injini yaikuluyo ikadzaza kutsogolo batire limasowa pokhala nde amalipititsa ku buti. Apa mpomwe payambira nkhani, chifukwa tsopano waya uja akuyenda pafupifupi kutalika kwa galimoto yonse pansi pa bodi, ndipo ambiri samuikira fyuzi poti sitata imakoka ma amps mazanamazana. Ma fyuzi omwe muli nawowo amateteza timawaya ting'onoting'ono takutsogolo kwawo basi. Waya wamkuluyu amakhala ndi magetsi usana ndi usiku olo kiyi ali m'thumba mwanu, nchifukwa chake galimoto imatha kupsa ili phee mu galaja.

Ndinagwirapo galimoto ina yakale, siinali hot rod koma batire analisamutsa chimodzimodzi. Nditakwawira kunsi ndinapeza waya wadutsa pa bowo loboola ndi drilu popanda labala, chitsulo chakuthwa chamudya pang'onopang'ono mpaka kopa akuonekera, m'mbali mwa bowo muli kamwaye kakuda kusonyeza kuti pankathetheka kale. Chomwe chinandizizira nkhongono nchakuti wayayo anamumangirira limodzi ndi paipi ya petulo. Ndinawaitana eni ake ndati bwana tagwadani muone nokha, anangoti kukamwa yasa.

Batire nalo lili ndi yake mbali. Likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene ukangofika 4 peresenti mu mpweya wapamalopo umayaka ndi kathetheka kochepa kwambiri. Injini ikulira mita izionetsa pafupifupi 14 volts, mukaona ikupitirira 15 ndiye kuti regulator, kachipangizo koletsa alternator kutchaja mopitirira muyezo, yagwa, batire liyamba kuwira, kutupa m'mbali, kununkha ngati mazira owola. Pansi pa boneti mphepo imauchotsa mpweyawo, koma mu buti motsekeka umangodzadzana, ndipo pa Ford ya 1932 thanki ya petulo ili chakumbuyo komweko.

Bungwe la mipikisano ya magalimoto ku America la NHRA, lomwe linayamba mu 1951, silichita masewera pamenepa. Batire likapita ku buti amafuna swichi yodula magetsi onse ikhale kumbuyo kunja kwa galimoto poti aliyense afikepo msanga, komanso batirelo likhale mu bokosi lotsekeka lotulutsira mpweya kunja kapena pakhale chitsulo cholekanitsa buti ndi mokhala anthu. Ine ndimaona kuti olo galimoto isapite ku mpikisano zimenezi nzoyenera kutsatira ndithu. Ndimawonjezera kuti solenoid, swichi yomwe imapereka magetsi ku sitata, ikhale pafupi ndi batire kuti waya wamkulu uja azikhala ndi magetsi pokhapo mukuliza injini, waya wa alternator akhale ndi fyuzi yake pafupi penipeni ndi batire, bowo lililonse labala, batire lomangidwa ndi mabawuti osati chingwe.

Pomasula batire yambani ndi waya wa ku bodi, ndipo kumbukirani kuti pa galimoto yomwe ikadali ndi magetsi ake akale aja wa ku bodi ndi positive. Mphete ndi wotchi vulani kaye, sipanala ikagunda mbali ya batire yopita ku sitata ndi chitsulo cha bodi nthawi imodzi mphete imatentha mpaka kupsereza chala.

Mukamva fungo la pulasitiki wopserera thamangirani ku swichi ija musanagwire chozimitsira moto, chifukwa batire likadali lolumikizidwa waya amapitiriza kufiira, mungazimitse bwanji moto uyakanso pomwepo.