Lekani Kuwerenga Zala pa Chithunzi

Funso limene latopetsa makutu anga masiku ano ndi ili: "Achimwene, inu mumadziwa za zithunzi, ichi n'chenicheni kapena ndi AI?" Munthu walowa mu situdiyo, sanabwere kudzajambulitsa, wangondisonyeza foni. Ndisanayankhe n'komwe, mwiniwake wayamba kale kuchikuza chithunzicho n'kumawerenga zala za munthu ali pamenepoyo. Zikakwana zisanu mtima ukhala pansi, ati n'choona. Zikapitirira, ati wagwira wakuba.

Abale anga, nzeru imeneyo inatha ntchito. Cha m'ma 2022 ndi 2023 mapulogalamu a pakompyuta opanga okha zithunzi, amene timawatcha AI, ankasokonezadi manja, mano ndi zilembo, koma eni ake anakonza zambiri mwa zimenezo. Lero amatulutsa dzanja labwinobwino, mphete ili pachala chake. Ndipo ngakhale akanapanda kukonza, mabodza ambiri amene atipweteka ife okhala kuno ku Joni sanafune AI ngakhale pang'ono.

Kumbukirani September wa 2019. Ku Jeppestown, ku Malvern ndi m'tauni mashopu a anthu obwera anaphwanyidwa ndi kuotchedwa, anthu anafa, zimenezo zinachitikadi. Koma pakati pa mavidiyo amene ankayenda pa WhatsApp panali ina yoonetsa anthu akudumpha kuchokera pamwamba pa nyumba imene ikuyaka, ndipo mawu apansi pake ankati ndi alendo akuotchedwa ku South Africa. Atolankhani ofufuza nkhani zabodza atailondola anapeza kuti inali ya moto wa mumzinda wa Surat ku India, umene unachitika miyezi ingapo m'mbuyomo. Moto unali weniweni, anthu enieni, zala zisanuzisanu. Linali bodza ndi mzere umodzi wa mawu umene wina analemba pansi pake. Makolo athu ku Mangochi ndi ku Mzimba anachezera usiku akuimba mafoni, ena kuthamanga kwa magazi kutakwera, chifukwa cha moto wa ku India.

Zoti chithunzi sichinama ndi nthano imene ife ojambula sitinaikhulupirirepo. Kamera italengezedwa ku Paris mu 1839, chaka chotsatira chomwecho Mfalansa wina, Hippolyte Bayard, anadzijambula ngati mtembo wa munthu womira m'madzi, chonsecho ali moyo, pokwiya kuti ulemu wotulukira luso limeneli wapita kwa mnzake. Ku Soviet Union, mkulu wa apolisi achinsinsi Nikolai Yezhov atadana ndi mtsogoleri wa dzikolo, Stalin, n'kuphedwa, anamufufuta pa chithunzi chimene anaima limodzi m'mbali mwa ngalande, pamalo pakepo n'kutsala madzi okhaokha. Photoshop anabwera mu 1990 kudzangofulumizitsa ntchito imene inalipo kale. Ine ndemwe palibe chithunzi cha ukwati chimene chimatuluka muno osachikhudza: chiphuphu ndimachotsa, thukuta la mkwati ndimapukuta, mlamu woledzera amene anaima kumbuyo ndimamudula. Ndipo tisanamizane, ndi angati mwa ife amene anajambulitsa atatsamira galimoto ya abwana ku Sandton n'kutumiza kumudzi? Galimotoyo ndi yeniyeni, inunso ndinu enieni, koma achibale akaona chithunzicho amamva nkhani imene sinachitike, mawa lake n'kukupemphani ndalama za malata.

Foni yanu yomweyo sikupatsani zimene diso laona. Mukadina kamodzi imajambula kangapo, n'kusakaniza, n'kuwalitsa mdima, n'kusalaza khungu. Mu 2023 anthu anakangana kwambiri atazindikira kuti mafoni ena a Samsung amawonjezera tsatanetsatane pa chithunzi cha mwezi, ndipo chaka chomwecho Google anatulutsa foni yotha kusankha nkhope yomwetulira pa chithunzi china n'kuiika pa chinzake. Ndiye mukandifunsa ngati chithunzi chakhudzidwa ndi kompyuta, yankho ndi lakuti inde, zonse.

Chachilendo ndi chakuti tsopano chithunzi chimatha kubadwa popanda kamera, popanda kuwala kugwera pa munthu aliyense. Pulogalamu imadyetsedwa zithunzi mamiliyoni ambirimbiri pamodzi ndi mawu ozifotokoza, mpaka imadziwa kuti mawu akuti-akuti amayenda ndi maonekedwe akuti-akuti. Zili ngati mmisiri wolemba zikwangwani amene waona nkhope zambiri pamoyo wake: mukamuuza kuti ajambule mayi wogulitsa tomato, amamujambula bwinobwino osayang'ana munthu, ndipo mayiyo simungamupeze pamsika uliwonse. Umu ndi mmene Papa Francis anavalira chijekete choyera chofufuma mu March 2023. Chinali chithunzi chabodza chimene wina anachipanga ndi pulogalamu ya Midjourney, ndipo anthu ophunzira ndithu anachikhulupirira. Ntchito imene kale inkafuna luso ndi maola ambiri, lero mnyamata wa bandulo ya tsiku limodzi aimaliza asanatsike taxi ya ku Rosettenville.

Nanga tikhulupirire chiyani? Pitani ku Orlando West mukaone chithunzi cha pa 16 June 1976 cha Hector Pieterson, mwana wa sukulu amene anaomberedwa ndi apolisi pa zionetsero za ku Soweto. Palibe amene amachikayikira, ndipo si chifukwa chakuti anawerenga zala za Mbuyisa Makhubo amene anamunyamula. Tikudziwa wojambula wake, Sam Nzima. Tikudziwa nyuzipepala imene inachisindikiza, The World. Tikudziwa kuti filimuyo anaibisa mu sokosi kuti apolisi asaitenge, ndipo mlongo wake wa Hector, Antoinette, amene akuthamanga pambalipo, wakhala akufotokoza za tsikulo ndi pakamwa pake. Chimodzimodzi zithunzi zimene James Oatway anajambula ku Alexandra mu April 2015, Emmanuel Sithole wa ku Mozambique akubayidwa: anthu anamangidwa n'kuweruzidwa chifukwa kumbuyo kwa zithunzizo kunali munthu wa dzina, wotheka kumufunsa kuti unaima pati, nthawi yanji. Ngakhale kwathu, zithunzi za mapepala a tipeksi zinayenda m'mafoni mu 2019, koma chisankho chinathetsedwa mu February 2020 oweruza ataona mapepalawo ndi kumva mboni zikufunsidwa miyezi yambiri. Mafunso ake ndi amenewo: wajambula ndani, liti, kuti, ndipo woyamba kutumiza ndani. Chithunzi chimene sichingayankhe zimenezi ndi mphekesera chabe, ngakhale chikongole bwanji.

Pali nkhani imodzi imene mpaka lero imandisowetsa tulo. Mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzinda uno, mwamuna ndi ana ali kumudzi, iye akutumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Tsiku lina mwamunayo analandira chithunzi kuchokera ku nambala yosadziwika: mkazi wake ali pabedi ndi mwamuna wina. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi. Foni inayenda kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo, aliyense n'kupukusa mutu. Mayiyo anaimbiridwa, analira, analumbira, koma anamuyankha kuti, "Mayi, taona ndi maso athu." Banja linathera pomwepo, ndipo anamuletsa kulankhula ndi ana.

Kwa ine anafika patapita miyezi. Chimene anabwera nacho sichinali chithunzi choyambacho, chinali screenshot ya screenshot imene msuweni wake anamutumizira, yosaoneka bwino, nambala yotumiza itadulidwa. Choyambacho chinali chitafufutidwa kale chifukwa cha manyazi. Ndinati, "Achemwali, tsegulani Facebook yanu." Tinatsika pang'onopang'ono mpaka tinafika pa zithunzi za bridal shower ya mnzake, ndipo nkhope inali pomwepo: mutu wopendekera chimodzimodzi, ndolo yomweyo, kumwetulira komweko, kuwala kukugwera patsaya lakumanzere. Pa chithunzi chonyansacho nyali ya m'chipinda inali kudzanja lamanja. Sitinagwiritse ntchito pulogalamu iliyonse, tiyi amene ndinamuthirira anali asanazizire n'komwe. Anatumiza zithunzi ziwirizo kumudzi. Amalume ake anavomera kuti analakwiridwa, koma mwamuna anali atalowetsa kale mkazi wina m'nyumba, ndipo madzi akatayika sawoleka.

Chimene chimandiwawa si luso la wopanga chithunzicho, linali lachabechabe. Ndi chakuti pa bwalo lonse lija, akuluakulu odziwa kufunsa mboni pa mlandu wa mbuzi, panalibe ngakhale mmodzi amene anati, "Kodi nambala imeneyi ndi ya ndani? Tiyeni tiimbe." Munthu akanabwera pakamwa n'kunena zomwezo, akanamufunsa kuti unaona liti, unali ndi ndani, udani wako ndi mayiyu ndi wotani. Koma popeza zinabwera pa galasi la foni, onse anangoti zii.

Ndipo miyezi imene anachedwayo mayiyu sanangokhala. Anayamba wapita kwa mnyamata wina wa pa shopu yokonza mafoni amene anamulipiritsa marandi ambiri, n'kumupatsa pepala la maperesenti, ati makina ayeza. Mawebusaiti oyeza AI amenewo alipo, ena ndi aulere, ndipo amalakwitsa mbali zonse: chithunzi chenicheni amatha kuchitcha chabodza, chabodza n'kuchiyeretsa, makamaka chikakhala chodutsa pa WhatsApp kangapo. Munthu amene akukulonjezani yankho lotsimikizika kuchokera pa screenshot akukudyerani ndalama. Atachoka apo anapita kwa wina wa pa timapepala tomata m'mapolo a m'tauni tija, amene anati amuonetsa mdani wake pagalasi ndi kubweza mwamuna pasanathe sabata. Malipiro a miyezi iwiri anathera kumeneko. Timapepala timeneto mumatidziwa, ndipo ena mwa eni ake amadzitcha asing'anga a ku Malawi, zimene zimandichititsa manyazi.

Zikakugwerani, musafufute kanthu. Sungani uthenga wonse mmene unabwerera, nambala, tsiku ndi nthawi. Mukafuna kuonetsa munthu wodziwa, mubweretsereni foni imene inalandira poyambayo. WhatsApp imachepetsa chithunzi ndi kuchotsa zolembedwa zobisika zonena foni imene inajambula ndi tsiku lake, pokhapokha mutachitumiza ngati document. Chiikeni pa Google Lens muone ngati chinatulukapo kwina kale. Mabodza ambiri amagwidwira pomwepo. Kuno lamulo la Cybercrimes Act la 2020 limati kufalitsa chithunzi chamaliseche cha munthu popanda chilolezo chake ndi mlandu, ngakhale chikhale chochita kupanga. Ndikudziwa kuti ambiri amaopa kupolisi chifukwa cha mapepala. Pitani ndi munthu wina, kapena yambani mwafunsa mabungwe monga Lawyers for Human Rights, koma musadikire kuti mwezi uthe.

Pa ndalama ndiye changu chikufunika koposa. Mu 2023 nkhope za owerenga nkhani a pa wailesi ya kanema ya SABC zinabedwa n'kuikidwa m'mavidiyo onena kuti Elon Musk watsegula njira yochulukitsira ndalama. Milomo ikuyenda, mawu akufanana, chizindikiro cha wailesi chili pakona. SABC inachita kulengeza kuti ndi zabodza. Aliyense wokuitanani kuti muike ndalama, mufufuzeni ku FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zandalama kuno, ngati ali ndi chilolezo. Ngati mwatumiza kale, imbirani banki ola lomwelo, osati mukaweruka. Chimodzimodzi zopereka za maliro m'magulu athu a WhatsApp. Mtima wathu wosonkherana kuti thupi lipite kumudzi ndi wabwino, ndipo akuba amaudziwa. Chithunzi cha munthu ali pabedi la chipatala kapena cha bokosi sichikutanthauza kanthu. Imbirani mbale wake amene mukumudziwa, funsani kuti thupi lili kumochale iti, musanathamangire ku Mukuru. Mawu a pa voice note nawonso amakopedwa masiku ano, choncho imbani nokha pa nambala yakale ndipo mufunse chinthu chimene mlendo sangachidziwe.

Vuto lina layamba kutulukira mbali inayo, ndipo likundiopsa kuposa loyambalo. Anthu ataphunzira kuti chithunzi chitha kupangidwa, olakwa apeza pobisala. Bambo wamenya mkazi wake, mkaziyo waonetsa zithunzi za mabala kwa akulu a mpingo, bamboyo n'kungoti, "Zimenezo ndi za AI." Bwana wajambulidwa akutukwana wantchito, yankho ndi lomwelo. Ndipo anthu omwe aja amene dzulo ankakhulupirira chilichonse, lero akugwedezera mutu kuti eya, masiku ano sungadziwe. Ungadziwe ndithu, ngati wojambulayo anasunga bwino zinthu zake. Mukavulazidwa jambulani tsiku lomwelo, zithunzi zingapo, china chapafupi, china choonetsa nkhope ndi chipinda, ndi kavidiyo kakafupi mukutchula tsiku. Musazikongoletse, musazidule, ndipo zisachoke mu foni imene yajambulayo. Kenako pitani kuchipatala dokotala akaone mabalawo ndi kudzaza fomu ya J88, imene khoti limailandira ngati umboni. Kutupa kumaphwa ndipo mikwingwirima imazimiririka. Mukapita patatha masabata awiri, dokotala adzalemba zimene akuona tsiku limenelo basi.