Lamulo la mfuti ukaliona kuti ndi lolakwika, ungolisiya osalimvera?

Ku America funso limeneli anthu amalifunsa mfuti ili mkabati. Boma la dera lawo lakhazikitsa lamulo loti mfuti zamtundu wakutiwakuti zikalembetsedwe kapena zisagulitsidwenso, iwo nkumati lamuloli likuphwanya ufulu wokhala ndi mfuti womwe konsitichushoni yawo inawapatsa kalekale mu 1791 pa ndime ija amaitcha Second Amendment, ndiye sitimvera, atimange ngati akufuna. Ine ngati loya yankho langa ndi loti mverani kaye kenako kasumeni, ndipo sikuti ndikunena izi chifukwa boma sililakwitsa, limalakwitsa kwambiri, koma chifukwa cha mmene milandu yeniyeni yakhala ikuthera.

Zinayaka moto kwambiri pambuyo pa December 2012 pomwe mnyamata wina anapha ana 20 ndi akuluakulu 6 pa sukulu ya pulayimale ya Sandy Hook ku Connecticut. January 2013 New York inakhazikitsa lamulo lotchedwa SAFE Act, Connecticut nayo inatsatira mu April, onse akuti amene ali kale ndi mfuti zonga zausilikali zija akazilembetse. Ku New York ziwerengero zitatuluka mu 2015 zinaonetsa mfuti pafupifupi 44,000 basi, m'dera la anthu pafupifupi 20 miliyoni, aliyense anadziwa kuti ambiri angokhala phee osapita. Ku Illinois zinafika pena, mu January 2023 atakhazikitsa lamulo lawo kutsatira kuphedwa kwa anthu 7 pa chikondwerero cha 4 July 2022 ku Highland Park, masherifi (akuluakulu a polisi) ambiri mwa makaunti (maboma ang'onoang'ono) 102 a derali analengeza poyera kuti iwo samanga munthu pa lamulo limeneli. Apolisi enieni kukana ntchito.

Amene amakana aja mfundo yawo si yopanda mutu ayi. Khoti lalikulu la dziko lawo linanenapo mu 1886, pa mlandu wa Norton ndi Shelby County, kuti lamulo lotsutsana ndi konsitichushoni si lamulo nkomwe, lili ngati silinalembedwepo. Mawu amenewa amawakonda zedi. Chomwe amadumpha ndi ichi, wonena kuti likutsutsanadi ndi ndani? Kuyambira mlandu wa Marbury ndi Madison mu 1803 yankho ndi khoti. Iweyo utha kukhulupirira ndi mtima wako wonse, mwina ukunenadi zoona, koma mpaka jaji atagamula lamulolo likugwirabe ntchito ndipo wapolisi akakupeza nayo akumanga.

Inde njira yophwanya lamulo kaye kenako nkukadziteteza kukhoti kuti lamulolo ndi losayenera ilipo, ndi yololedwa. Koma ili ngati kubetcha ndi ufulu wako womwe, ukaluza sakubwezera. Zackey Rahimi waku Texas khoti linamuletsa mu 2020 kuyandikira mayi yemwe anali naye pachibwenzi, ndipo lamulo la dziko lonse limati munthu woteroyo asakhale ndi mfuti, iye anazisungabe, apolisi atasecha m'nyumba anapeza mfuti ziwiri pamodzi ndi chikalata cha chiletsocho. Khoti la apilo mu 2023 linagwirizana naye kuti lamulolo ndi losayenera, koma mu June 2024 khoti lalikulu linatembenuza, majaji 8 kwa mmodzi. Chilango chake chinali zaka zoposa 6.

Tsopano taonani amene anasinthadi malamulo a mfuti ku America kuti anatani. Dick Heller anali mlonda wovomerezeka ndi boma ku Washington, masana amanyamula mfuti pantchito koma kunyumba lamulo la mzindawu lomwe linayamba mu 1976 limamukaniza kukhala ndi mfuti yam'manja. Sanakabise pansi pa matiresi. Anapita kukapempha kuti ailembetse, anamukana, kukanidwa kumeneko ndi komwe kunamupatsa mwayi woti mlandu wake umvedwe chifukwa makhoti samva munthu amene sanakhudzidwe mwachindunji, ndipo mu 2008 anawina 5 kwa 4. Otis McDonald, bambo wopuma pantchito waku Chicago yemwe mbava zinamutopetsa m'dera lake, anasumanso chimodzimodzi nkuwina mu 2010. Mlandu wa Bruen mu 2022 womwe unagwetsa lamulo la New York la zaka zoposa 100 lofuna kuti munthu aonetse chifukwa chapadera asanapatsidwe layisensi yoyenda ndi mfuti, eni ake anali anthu awiri omwe anafunsira layisensiyo nkukanidwa. Palibe mmodzi yemwe anayamba ndi kukana kumvera.

Amene ndimamutchula kwambiri ndi Michael Cargill, mwini shopu ya mfuti ku Austin. Boma litaletsa kachipangizo kotchedwa bump stock, kamene kamathandiza mfuti kuwombera mwachangu ndipo kanagwiritsidwa ntchito pa chiwembu cha ku Las Vegas mu 2017, iye anatenga tiwiri tomwe anali nato nkukapereka kuboma uku akunena kuti sakugwirizana nazo, kenako nkukasuma. Panadutsa zaka 5, mu June 2024 anawina 6 kwa 3. Mlandu wake kwenikweni unali woti nthambi ya boma ya ATF inapyola mphamvu zomwe nyumba ya malamulo inaipatsa, osati za Second Amendment, koma njira yake ndi yomweyo ndipo zaka zonsezo amagona kwake osaopa kugogoda kwa pakhomo.

Ena amati nanga Martin Luther King mesa anaphwanya malamulo? Zoona anaphwanya, ndipo analondola. Koma nkhani yake imaphunzitsa zambiri kuposa mmene amaitchulira. Mu April 1963 ku Birmingham anachita zionetsero ngakhale jaji anali atatulutsa chiletso, ndipo mu 1967 khoti lalikulu linati chilango chake chikhalebe chifukwa chiletso cha khoti umachimvera kaye kenako nkukachitsutsa kukhoti komweko, King anabwerera kundende pa chilango cha masiku 5. Patangopita zaka ziwiri, mu 1969, khoti lomwelo pa mlandu wa mnzake Fred Shuttlesworth linati lamulo la mzinda la zilolezo za zionetserolo linali losayenera ndipo munthu amatha kulinyalanyaza. Zionetsero zake zomwezo, koma lamulo ndi chiletso cha jaji ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chinanso King amaphwanya masanasana, manja ali opanda kanthu, ali wokonzeka kumangidwa kuti dziko lione. Munthu wobisa mfuti kudenga sakuonetsa aliyense chilichonse, akungoyembekezera kuti asagwidwe, ndipo tsiku lomwe apolisi adzabwere pakhomo mbali zonse ziwiri zidzakhala ndi mfuti, apa mpomwe mtima wanga umakana chifukwa amene amafa pa zoterezi nthawi zina ndi mwana kapena mkazi yemwe samadziwa nkomwe kuti bambo akutsutsana ndi boma.

Za masherifi zija palinso kusakaniza. Mu 1997 masherifi awiri, Jay Printz waku Montana ndi Richard Mack waku Arizona, anawina mlandu woti boma lalikulu silingakakamize apolisi a m'madera kuti azilifufuzira mbiri ya ogula mfuti pansi pa lamulo la Brady la 1993. Ndiye sherifi kukana kutumidwa ndi boma lalikulu la ku Washington nkololedwa. Koma izi sizikutanthauza kuti lamulolo lafa, apolisi a boma lalikulu atha kubwera okha kudzakumanga, ndipo sizimupatsa sherifi mphamvu yofufuta lamulo la dera lake lomwe. Missouri inayesa mu 2021 kulengeza kuti malamulo ena a mfuti a boma lalikulu ndi opanda ntchito m'dera lake, mpaka kuika chindapusa cha madola 50,000 kwa polisi yomwe ingathandize kuwatsata, khoti linagwetsa lamulo limenelo mu 2023. Makaunti oposa 90 aku Virginia omwe anadzitcha malo othawirako a eni mfuti chakumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020 nawonso zikalata zawo zinali uthenga wandale chabe, palibe loya angakuuzeni kuti mukazionetse kwa jaji.

Kwathu kuno konsitichushoni sinapereke ufulu wokhala ndi mfuti, ndi nkhani ya layisensi basi, koma mfundo yaikulu ija tili nayo pa gawo 5 lomwe limati lamulo lililonse lotsutsana nayo ndi lopanda mphamvu, ndipo amene amagamula ndi makhoti, monga zinachitikira mu 2017 pomwe High Court inathetsa ndime ina ya mlandu wa vakabu pa nkhani ya Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre.

Chomwe ambiri okana aja sachiganizira ndi chakuti ku America ukapezeka wolakwa pa mlandu womwe chilango chake chimatha kupitirira chaka chimodzi, lamulo la dziko lonse limakuletsa kukhala ndi mfuti ina iliyonse, ngakhale yosakira nyama ija, ndipo m'madera ambiri umataya kaye ufulu wovota. Pa mlandu wa Lewis mu 1980 khoti lalikulu linanenanso kuti ngakhale mlandu wakalewo unaweruzidwa molakwika, uyenera ukauchotsetse kaye kukhoti usanakhudze mfuti.