Ndalama ya pa dansi si yanu yonse

Ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kuno ku Mozambique, ndalama imayenda ndi nyengo. Mbatatesi ikakumbidwa, fodya akagulitsidwa, maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka, ndipo woimba kapena wojambula zithunzi amapeza ntchito pafupifupi Loweruka lililonse. Mvula ikagwa, anthu amathira ndalama ku feteleza ndi mbewu, ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi foni imangoti zii. Aluso ambiri sagwa chifukwa chopeza zochepa ayi. Amagwa chifukwa ndalama ya ntchito ndi ya kunyumba zimagona m'thumba limodzi.

Tiyambe ndi mtengo, poti apa ndi pamene manyazi amapha anthu. Ambiri tinakula tikumva kuti luso ndi mphatso ya Mulungu, choncho kutchula mtengo kumaoneka ngati dyera. Mphatsoyo ndi yaulere ndithu, koma mafuta a jenereta amagulidwa.

Tiyerekeze kuti gulu la anthu anayi laitanidwa ku ukwati ku Ulóngwe pa 10,000 MT (meticais). Kubwereka masipika 2,500, galimoto kupita ndi kubwera 1,500, mafuta a jenereta 800, chakudya 700. Zatuluka 5,500, zatsala 4,500. Aliyense walandira 1,125 MT, koma wagwira masiku anayi, atatu okonzekera ndi limodzi la ukwati. Ndiye kuti tsiku lake lagulidwa pa ndalama pafupifupi 280 MT basi, chikhalirecho anthu akunena kuti “anyamatawa adya teni sauzande”. Werengerani chammbuyo: lembani zonse zotuluka, ikanipo malipiro a tsiku a munthu aliyense, onjezerani 10 pa 100 iliyonse ya kutha kwa zipangizo, ndipo chimene chatuluka ndiye mtengo wotsikitsitsa. Wosema achite chimodzimodzi ndi mtengo wosemawo, sandipepa, polishi, masiku amene wakhala pa chosemacho ndi ulendo wa kumsika.

Mukagwirizana, landirani theka ngati chikole, ndipo tsiku, malo, maola ndi ndalama yotsala zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa WhatsApp. Yotsalayo iperekedwe musanalumikize waya. Chifukwa chake n'chodziwika: ukwati ukatha, eni ake amatsala ndi ngongole ya nkhuku, ya zakumwa ndi ya galimoto, ndipo woimba, poti nyimbo zamveka kale, amaikidwa kumapeto kwa mzere. “Tikuimbirani Lolemba” yatha magulu ambiri. Akakhala amalume kapena a kumpingo, achotsereni pa thukuta lanu ngati mwafuna, koma za galimoto ndi mafuta alipire. Wonena kuti “mudzatchuka” m'malo mwa ndalama, mufunseni ngati mwini masipika naye wavomera kulipidwa kutchuka.

Ndalama ikafika, igaweni tsiku lomwelo. Njira yapafupi ndi manambala awiri: ina, kaya ya M-Pesa, ikhale ya ntchito yokha, ina ya e-Mola kapena mKesh ikhale ya kunyumba. Makasitomala onse atumize ku ya ntchito. Kenako dzilipireni nokha kamodzi pa mwezi, ngati wolembedwa ntchito. Phatikizani phindu la miyezi 12 yapitayi, mugawe ndi 12. Ngati linali 96,000 MT, malipiro anu ndi 8,000 pa mwezi, ngakhale mu Ogasiti mutapeza 25,000. Zotsalazo si zapamwamba, ndi nsima ya mu Febuluwale. Amene alibe zolemba ayambe ndi kope la ana asukulu, tsamba lakumanzere zolowa, lakumanja zotuluka. Kutapa kamodzi kulinso ndi ubwino wina: kutapa pang'onopang'ono kwa ajenti kumadula, chifukwa ulendo uliwonse pali yodulidwa.

Abale opempha thandizo sadzatha, ndipo sitikunena kuti muwamane. Ikani malire pa mwezi, achoke ku malipiro anu, osati ku ndalama ya zingwe za gitala.

Chipereganyu, chimene kuno ambiri amati xitique, chimathandiza kugula chinthu chachikulu monga kiyibodi kapena kamera. Msampha wake ndi wakuti chimafuna ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, pamene yanu imabwera mwa apo ndi apo. Lowani gulu loyamba nthawi yokolola ndi kutha mvula isanagwe. Katapira wolipirira situdiyo ndiye mupeweretu: chiwongoladzanja chimakula mwezi uliwonse, pamene nyimbo imatha kutenga chaka isanabweze kalikonse.

Oitanidwa ku Dedza kudzera pa Calómuè, kapena ku Mwanza kudzera pa Zóbuè, asamale ndi kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasunga makwacha m'nyumba anadzuka atasauka. Tchulani mtengo mu meticais, muwerengere kwacha pa tsiku lolipira, ndipo musinthe msanga.

Ntchito zonona, za makampani a ku Moatize, mabungwe ndi boma, zimafuna mapepala. Popanda NUIT, nambala ya msonkho yochokera ku Autoridade Tributária, ambiri sangakulipireni, ndipo mudzakakamizika kudutsira kwa munthu wina amene adzadulapo yake. Ndalama zotere zimachedwanso kutuluka, choncho musalonjeze anzanu a m'gulu kuti alandira mawa lake. Odzilemba okha ntchito amaloledwa kulembetsa ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni, ndi kumasonkha 7 peresenti ya ndalama imene anena kuti amapeza pa mwezi. Wovina ndi woimba ng'oma aganizirepo, poti mawondo ndi mapewa zimatopa msanga kuposa mawu.

Nyimbo nayo ndi katundu. Bungwe loona za umwini wa aluso m'dziko muno ndi SOMAS, ku Malawi ndi COSOMA. Koma mkangano wambiri umayambira mu situdiyo momwe. Musanajambule, lembani pa pepala limodzi kuti mawu ndi a yani, chiimbo ndi cha yani, ndiponso ngati ndalama imene mwapatsa wojambula yagula ntchito yake yonse kapena adzakhala ndi gawo. Nonse musainire, aliyense atenge lake, ndipo mafailo a nyimboyo muwatengere pa fulashi yanu tsiku lomwelo mwamaliza kulipira.