Kuiwala ndi kunjenjemera kwa okalamba: zimene zimachitika m'maselo a ubongo

M'maselo a thupi la munthu muli DNA, imene imasunga malangizo a mmene selo iyenera kugwirira ntchito. DNA imeneyi imawonongeka kambirimbiri tsiku lililonse, nthawi zambiri chifukwa cha okosijeni yemweyo amene timapuma, koma sitidwala msanga popeza m'maselomo muli mapuloteni otchedwa ma enzyme, amene ntchito yawo ndi kufufuza powonongeka ndi kukonzapo. Tomas Lindahl, Paul Modrich ndi Aziz Sancar analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa chofotokoza mmene kukonzaku kumachitikira.

Ubongo ndiwo umakhala pangozi kwambiri. Kulemera kwake ndi pafupifupi 2 peresenti ya thupi lonse, komabe umadya pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni, ndipo maselo ake ambiri saberekana monga amachitira a pakhungu. Amene munthu anali nawo ali mwana ndi omwewo amene amakalamba nawo, choncho selo ikafa, kawirikawiri ilibe yolowa m'malo mwake.

Imodzi mwa ma enzyme okonza DNA aja ndi PARP1. DNA ikaduka, PARP1 imafika msanga pamalopo, kuikapo chizindikiro ndi kuitana mapuloteni ena kuti adzalumikize. Pogwira ntchitoyi imagwiritsa ntchito chinthu chotchedwa NAD+, chimene selo imadaliranso popanga mphamvu. Apa ndipo pagona vuto: powonongeka pakachuluka, PARP1 imagwira ntchito mopyola muyeso, monga munthu amene watha madzi onse a m'nyumba pozimitsa moto mpaka ana kusowa akumwa, ndipo selo imene imafuna kupulumutsidwa ija imafa. Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America anaonetsa kuti puloteni ya alpha-synuclein, imene imaundana mu ubongo wa odwala Parkinson (matenda a ubongo onjenjemeretsa thupi), imadzutsa PARP1 motere, komanso kuti mbewa zimene PARP1 yake inatsekedwa zinatetezeka. Mankhwala otseka PARP, monga olaparib, alipo kale, koma ndi a khansa. Sanavomerezedwe pa matenda a Parkinson kapena a Alzheimer (matenda a ubongo oiwalitsa), ndiye wina akakugulitsani mapilisi kapena zitsamba ponena kuti "zimakonza DNA", sungani ndalama zanu.

Kuno kum'mawa kwa Zambia, agogo akayamba kusochera panjira yochokera kudimba, kuika mchere kawiri m'ndiwo, kapena kupezeka usiku pakhomo pa eni osavala bwino, anthu amafulumira kunena za ufiti. Umenewu ndi ubongo umene ukudwala, ndipo lamulo la Zambia limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Zizindikiro za Parkinson ndi zina: dzanja kunjenjemera munthu atangokhala, thupi kuuma, kuyenda mokwakwaza mapazi ndi nkhope yosasintha maonekedwe.

Pitani nawo kukiliniki msanga, chifukwa kuiwala kwina kumachokera ku matenda amene ali ndi mankhwala monga chindoko, HIV, vuto la chithokomiro kapena kuchepa kwa vitamini B12, ndipo a Parkinson amapeza bwino ndi mankhwala a levodopa ngakhale sachiza matendawo. Akiliniki angakutumizeni ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Pakhale wachibale amene amagona nawo nyumba imodzi, woti afotokoze pamene zinayambira, ndipo atenge mankhwala onse amene akumwa.

Ukalamba sitingauletse, koma tingachepetse zowononga ubongo posiya fodya ndi kachasu, komanso poyezetsa BP ndi shuga. Alimi a thonje, fodya ndi chimanga asamale popopera, pakuti mankhwala ena, monga paraquat wophera udzu, aonetsedwa kuti amagwirizana ndi matenda a Parkinson. Valani magolovesi, nsapato ndi chotseka pamphuno, musapopere moyang'ana kumene mphepo ikuchokera, ndipo chigubu chimene munali mankhwala musatungiremo madzi ngakhale mutachitsuka.