Mwana Akulephera Kuwerenga? Musadikire Kuti "Mutu Udzatseguka"

Kwa makolo ndi onse olera ana mu Blantyre muno,

Zotsatira za mayeso zikangotuluka, mawu ake amakhala omwewo, kaya ndi ku Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni: "Musiyeni abwereze, mutu wake sunatseguke." Pano kwabweranso mphekesera yoti ana otere anawatsekera nzeru ndi achibale ofuna kukhwimira bizinezi, moti ena ayamba kuwatema mphini ndi kuwamwetsa zitsamba. Chonde lekani. Ena mwa anawa ali ndi vuto lotchedwa dyslexia, ndipo likhoza kuyezedwa.

Mwana amabadwa nalo, ndipo nthawi zambiri limakhala lakumtundu. Ubongo wake umavutika kulumikiza lembo ndi liwu lake, n'chifukwa chake maphatikizo amamusokoneza. Si ulesi, si misala, silipatsirana, ndipo nzeru zake zili bwinobwino. Mumtume kumsika, chenji abweretsa chokwanira. Mumuuze nthano, mawa aifotokoza yonse. Koma mumpatse buku, thukuta kamukamu.

Chotidetsa nkhawa n'kudikira. Vutoli silitha lokha mwana akamakula, ndipo kubwereza kalasi ndi kaphunzitsidwe komweko n'kumubwezera pamene anagwera. Anawa amadziwanso kubisala. M'kalasi lodzaza, pamene onse akuwerenga mokweza pamodzi, iye amangotsatira pakamwa pa anzake n'kuloweza tsamba lonse. Chichewa chimalembedwa monga chimamvekera, choncho amakwawa nacho mpaka Sitandade 4. Akafika Sitandade 5, maphunziro n'kuyamba kuperekedwa m'Chingerezi, zonse zimaonekera poyera. Apo n'kuti zaka zinayi zitapita, mwana atakwapulidwa kokwanira, atayamba kudwala mutu m'mawa uliwonse wa sukulu.

Muyeseni nokha madzulo ano. Tsekani chithunzi cha m'buku, lozani mawu amodzi pakati pa tsamba. Ngati wamaliza Sitandade 2 koma akungolota, akudumpha maphatikizo, kapena mawu omwewo akuwalemba mosiyanasiyana patsamba limodzi, musadikire teremu ina. Kusokoneza b ndi d kokha kusakuopseni, ana ambiri oyamba kumene amatero. Chachikulu n'kuti vutolo likukakamira ngakhale akupita kusukulu tsiku ndi tsiku.

Yambani ndi maso ndi makutu. Mwana amene saona pabolodi, kapena amene khutu lake limatuluka mafinya, amalepheranso kuwerenga, koma thandizo lake ndi lina. Pitani kuchipatala chaching'ono cha kwanu ndi kabuku kake ka kuchipatala. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku Queen Elizabeth, komwe amayeza maso ndi makutu. Auzeni adokotala ngati anadwalapo malungo aakulu, ngati amakomoka, kapena ngati anachedwa kuyankhula. Musabise kuti bambo ake kapena amalume ake nawonso sukulu inkawavuta chimodzimodzi. Zimenezo si zamanyazi, zimathandiza woyezayo.

Kenako kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu, muwapemphe kuti mwana aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Ngati pasukulupo palibe, funsani a PEA, omwe ndi alangizi a sukulu za pulayimale, ku ofesi yawo ya TDC ya dera lanu. Tengani makope ake akale, ngakhale ong'ambika, ndi malipoti a sukulu.

Kuyezako sikopweteka. Satenga magazi, sabaya jakisoni. Mwana amawerenga mawu, amalemba zimene akumuuza, amaphwanya mawu m'maliwu ake, amawerenganso mawu opeka omwe sangakhale atawaloweza. Mukafuna lipoti lolembedwa ndi katswiri wa kaganizidwe ka munthu ku zipatala zolipira, funsani mtengo musanayambe. Ndipo wina akakugulitsani mapiritsi, magalasi amitundu kapena "mankhwala a nzeru" kuti achiza dyslexia, sungani ndalama zanu. Chimene chimathandiza ndi kuphunzitsidwa maliwu ndi maphatikizo pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, ndipo chimagwira bwino mwana akadali wamng'ono. Mwamva? Akadali wamng'ono.

Akuluakulu nanunso muli m'gulu. Ngati kubanki mumati "ndaiwala magalasi" kuti wina akulembereni fomu, ngati pa WhatsApp mumangotumiza mawu ojambula poopa kulemba, mukhoza kuyezedwa pa msinkhu uliwonse. Inu munadikira kale kuti mutu utseguke. Mwana wanu asadikirenso.

Amene ana anu akuyandikira Sitandade 8 kapena mayeso a JCE ndi MSCE, fulumirani. Kambiranani ndi aphunzitsi aakulu za thandizo la ana ovutika kuphunzira nthawi yolembetsa mayina ku MANEB isanakwane. Mukabwera ndi nkhaniyi sabata ya mayeso, mwachedwa.