Kuzungulira kwa dziko sikufupikitsa ulendo wa pa ndege

Anthu ambiri akaona kuti ndege yochokera pa bwalo la Heathrow ku London imatenga maola pafupifupi 8 kuti ikafike pa bwalo la JFK ku New York, pomwe pobwerera imatenga maola pafupifupi 7 okha, amafulumira kunena kuti n'chifukwa choti dziko lapansi limazungulira pansi pa ndegeyo. Maganizo amenewa ndi akalekale, koma ndi olakwika. Mtunda wa pakati pa mabwalo awiriwa ndi makilomita pafupifupi 5,540 popita ndi pobwerera pomwe, ndipo mpweya umene ndege imaulukamo umayenda limodzi ndi dziko, monga momwe ntchentche youluka m'basi imayendera limodzi ndi basiyo osatsalira m'mbuyo. Komanso dziko limazungulira cholowera kum'mawa, kotero maganizowa akanakhala oona, ulendo wopita kumadzulo, ku New York, ndi umene ukanafupika.

Chimene chimasiyanitsa nthawi ndi mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, imene imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa m'mwamba mwenimweni, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pansi, momwe ndege zazikulu zimadutsa. Oyendetsa ndege zopita ku London amaifunafuna mphepoyi kuti izikankha ndege kuchokera kumbuyo, pomwe opita ku New York amaizemba, ngakhale kutero kumawachititsa kulambalala.

Mphepoyi imakula mphamvu m'nyengo yozizira ya kumeneko. Mu February 2020, pa nthawi ya namondwe Ciara, ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747 inanyamuka ku New York n'kutera ku London patangodutsa maola 4 ndi mphindi 56.