Foni yomweyo ndi shopu, foni yomweyo ndi bawa

Lamulungu lathali titatuluka mu tchalitchi ku Highfield, mtsikana wina, mwana wa anzathu a m'bungwe la maliro, anandikokera pambali nkundifunsa kuti, "Amalume, inuyo zotsatsa malonda pa intanetizi mumatani kuti zizikudyetsani? Ine ndimakhala pa foni tsiku lonse koma ndalama siyikuoneka." Ndinamuuza kuti andifotokozere tsiku lake la Lachisanu kuyambira podzuka. Akuti anadzuka nkuona ma sitetasi a anthu, anayankha m'magulu atatu, anapositako nsapato ziwiri, analowa TikTok kukaona momwe anzake akupangira, magetsi anapita, foni inathima cha m'ma 2 koloko, basi tsiku latha. Sanagone masana, sanapite kocheza, ndipo iyeyo akukhulupilira ndi mtima wonse kuti anagwira ntchito. Funso lakeli ndalimva kambirimbiri kwa achinyamata athu a ku Mufakose, Mabvuku ndi Epworth, ndiye ndati ndiliyankhe bwinobwino monga munthu amene ndimadyera ntchito imeneyi, yoyendetsa ma peji a mashopu ang'onoang'ono muno mu Harare.

Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland kubwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu mu Salisbury (Harare wa lero) anali ndi belu komanso kapitawo. Ukachedwa tikiti yako siyilembedwa. Amayi ogulitsa tomato ku Mbare Musika nawo safuna wowadzutsa, alimi amatsitsa katundu m'mbandakucha ndipo wofika dzuwa litakwera amatola zotsala. Msikawo pawokha umamuphunzitsa munthu mwambo. Geni ya pa intaneti ilibe belu, ilibe chitseko chotsegula ndi kutseka, ndipo chovuta kwambiri nchakuti malo ako antchito ali mkati mwenimweni mwa malo achisangalalo. Facebook, Instagram ndi TikTok amapeza ndalama zawo pogulitsa nthawi ya anthu kwa otsatsa malonda, ndiye anawapanga dala kuti munthu akalowa asatuluke msanga. Iweyo ukulowamo ngati wogulitsa koma makinawo akukuona ngati munthu woti umangidwe maso. Zili ngati kuyika tebulo la ofesi pakati pa bawa nkumadabwa kuti bwanji sindikumaliza ntchito. Nchifukwa chake ine sindiuza munthu kuti "limba mtima basi", mtima umatopa ikamakwana 11 koloko. Chomwe chimathandiza nkumanga mipanda, kuti nthawi yakuti ndi ya chakuti, ndipo mpandawo ukhale wolembedwa papepala osati m'mutu.

Muno mpanda woyamba amatimangira ndi magetsi, tifune tisafune. Amene tinaliko 2019 tikukumbuka magetsi akumapita mpaka maola 18 patsiku madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, amabwera usiku anthu atagona nkupitanso kusanache. Chaka chimenecho ndi chomwe chinandiphunzitsa kugawa ntchito pawiri. Pali ntchito yolemera yofuna laputopu, netiweki yabwino ndi mutu wozizira, monga kukonza zithunzi, kudula mavidiyo, kulemba mawu a ma positi, kuwerengera ndalama. Pali ntchito yopepuka yomwe foni ndi pawa banki zimakwanitsa, kuyankha makasitomala, kuyimba, kukasiya katundu m'tauni. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri nchakuti magetsi akakhalapo munthu amathera nthawi kuyankha "hi" ndi "muli bwa" pa WhatsApp, magetsi akapita ndi pomwe amakumbuka kuti vidiyo ya kasitomala sanayidule. Magetsi akabwera, yambani ndi cholemera, foni muyiike pa chaja kuchipinda china. Olo mutakhala ndi sola mwambo umenewu musawusiye, chifukwa mutu wamunthu nawo uli ndi maola ake omwe umawala.

Ine zithunzi za sabata yonse ndimajambula tsiku limodzi, Lolemba m'mawa pakhonde, kuwala kukadali kofewa, kumbuyo nsalu yoyera basi. Masana ake ndimalemba mawu onse, kenako ndimalowa mu Meta Business Suite, pulogalamu yaulere ya kampani ya Meta, eni ake a Facebook ndi Instagram, nkutchera kuti positi yakuti ituluke Lachitatu nthawi yakuti pa Facebook ndi Instagram. Ikamatuluka ineyo mwina ndili mu kombi (minibasi) ya ku Glen View kupita kwa akalipentala omwe ndimawatsatsira mipando. Ma sitetasi a WhatsApp amafufutika pakatha maola 24, ndiye ndimasunga foda mu foni yokhala ndi zithunzi zokonzakonza, m'mawa uliwonse ndimangotenga zitatu kapena zinayi. Osati 30 chonde, munthu akaona timizere tambirimbiri pamwamba paja amangodumpha zonse. Ubwino wopanga zinthu pakamodzi ndi woti sumalowa mu Facebook kakhumi patsiku, ndipo kulowa kulikonse kuja ndi komwe kumakubera theka la ola osadziwa.

Tsopano nkhani yoyankha anthu, apa ndi pomwe timakangana ndi anzanga ambiri. Iwo amati kasitomala wa pa intaneti sadikira, ukachedwa mphindi khumi wagula kwina, ndiye foni izikhala m'manja nthawi zonse. Mbali ina akunena zoona. Koma tayang'anani mauthenga omwe mumalandira, ambiri ndi funso limodzi lomwelo, "imarii?" m'Chishona, kutanthauza zingati, muli kuti, mumabweretsa? Mafunso amenewa si oti azikudzutsani pa ntchito. Lembani mtengo pa chithunzi pomwepo. Chizolowezi chija cholemba kuti mtengo ku inbox ine ndimadana nacho, chimakuchulukitsirani ntchito komanso munthu wofunadi kugula amaganiza kuti mukufuna muone kaye nkhope yake musanatchule mtengo. WhatsApp Business, yomwe inatuluka mu 2018, ili ndi katalogi yoyikamo katundu ndi mitengo, ili ndi uthenga wolonjera woyankha wokha, ili ndi mayankho osungiratu oti ungodina kamodzi. Mukazikonza tsiku limodzi zimenezi, mutha kumayankha katatu patsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, nkulemba poyera maola amenewo kuti anthu adziwe. Tsiku lokhalo lomwe ndimakhala pafupi ndi foni ndi lomwe ndalipira malonda kuti ayende, chifukwa uthenga uliwonse tsiku limenelo ndaugula ndi ndalama.

Chinanso, makasitomala athu ambiri ndi a Chishona ndi Chizungu, ndiye positi ilembedwe m'chinenero cha wogula. Chichewa ndimasungira katundu yemwe ndikudziwa kuti akufuna ndi anthu akwathu, zitenje za ku Malawi, mpunga wa Kilombero, usipa wobwera pa basi kudzera ku Nyamapanda. Pamenepo mawu amodzi a Chichewa amagulitsa kuposa chithunzi.

Koma komwe kuli ndalama yeniyeni, komwe mtsikana uja samapitako nkomwe, ndi kwa anthu amene anafunsa kale nkungokhala chete. Munthu amene wakufunsa mtengo wa sofa Lachiwiri nkusowa, nthawi zambiri sikuti wakana ayi, mwina akudikira malipiro a mwezi, mwina akufuna afunse akunyumba, mwina bandulo inamuthera pakati pa nkhani. Ogulitsa ambiri amamuiwala nkuthamangira kukasaka anthu atsopano, chonsecho uyu wafika kale pakhomo. Ine ndili ndi kope lachikuto cholimba, la masamu lomwe ana amapita nalo kusukulu. Aliyense wofunsa zenizeni ndimamulemba, tsiku, nambala, chomwe amafuna, chomwe chinamuletsa, ndi tsiku loti ndimukumbutse. Mu WhatsApp Business muli njira yoika zizindikiro pa makasitomala yomwe imagwira ntchito yomweyi, ndimagwiritsa onse awiri, koma kope ndi lomwe ndimalikhulupilira. Tsiku lililonse ndisanatsegule china chilichonse ndimatsegula kope nkulembera anthu asanu. Uthenga wake waufupi, waulemu, wotchula chinthu chomwe munthuyo anafunsa, osati kumutumizira zithunzi khumi ngati wamuiwala kuti ndi ndani. Ndikakumbutsa kawiri osayankha ndimamusiya, munthu sakakamizidwa. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ilibe ma layiki, palibe amakuyamikira, ndipo ndi yomwe imalipira lendi yanga miyezi yambiri.

Kope lija lili ndi ntchito inanso. Pa 4 October 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinathima pafupifupi maola sikisi dziko lonse lapansi. Mu January 2019 muno mu Zimbabwe intaneti inatsekedwa kwa masiku angapo. Foni imabedwa pa siteji ya Copacabana nthawi yothamangira kombi, peji imatha kutsekedwa popanda wokufotokozera. Ngati makasitomala anu onse amakhala mkati mwa pulogalamu ya eni ake ndiye kuti shopu yanu mwamanga pa malo obwereka. Manambala akhale penanso pomwe ndi panu. Ndipo poti tatchula manambala, lekani kuponya anthu m'magulu musanawapemphe. Anthu akakudandaulani kangapo WhatsApp imatha kutseka nambala yanu, komanso kuyambira 2021 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makina, nambala ya munthu si yongoseweretsa. Mndandanda wa broadcast, wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri pakamodzi, umalola anthu 256 ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, ndiye chizolowezi chabwino nkumupempha kasitomala aliyense mukamaliza naye kuti, sungani nambalayi mayi, katundu watsopano akafika mudzaona.

Za ndalama ndinene mosabisa. Muno timalandira dola ya America pamanja, timalandira ZiG, ndalama ya dziko lino yomwe inayamba mu April 2024, ena amatumiza pa EcoCash kapena InnBucks pomwe pamadulidwa ndalama yotumizira ndi msonkho. Munthu wosalemba sangadziwe ngati akupindula, amangoona ndalama ikulowa ndi kutuluka. Madzulo aliwonse mphindi khumi, zalowa zingati, mu ndalama yanji, zatuluka zingati, bandulo, kombi, wokasiya katundu. Ndalama ya geni ikhale pa nambala kapena mu envelopu yakeyake, inuyo muzidzilipira malipiro pa tsiku lodziwika ngati wantchito. Ife tili ndi mtolo wina womwe anzathu ena alibe, kumudzi ku Dedza kapena ku Mangochi akaimba kuti kwagwa zovuta kapena feteleza wakwera, sungakane, ndipo sindikunena kuti muzikana. Ndikunena kuti ndalama yotumiza kumudzi pa Mukuru ichoke m'malipiro anu kapena mu gawo lomwe munapatuliratu, isachoke mu mpamba. Ndaona ma geni abwino akufa chifukwa cha maliro awiri otsatizana, mwini wake ali munthu wolimbikira bwinobwino.

Kubusita positi, kulipira kuti ionedwe ndi anthu ambiri, nako kumafuna kudziletsa kwake. Batani lija limakopa, umangoti ndiyikepo $5 ndione. Vuto si $5 koma kusawerengera. Tiyerekeze mwaika $10, anthu 20 akulemberani, awiri agula, pa chinthu chilichonse mumapindula $4. Mwapeza $8, mwaluza $2, tisanawerengere kombi yokasiya katunduyo. Positi yomweyo mwina ili ndi ma layiki mazana ndipo anzanu akukuyamikirani, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Koma anthu 18 otsala aja mukawalemba mu kope nkuwatsatira, atatu nkudzagula kumapeto kwa mwezi, masamu atembenuka. Chachiwiri, mukayika malonda musamawagwiregwire ola lililonse. Makina a Meta amafuna nthawi kuti aphunzire anthu oyenera kuwaonetsa, eni akewo amati pamafunika zotsatira, monga anthu okulemberani kapena ogula, pafupifupi 50 pa sabata kuti akhazikike, ndipo mukasintha chithunzi kapena anthu omwe mukuwafuna amayambiranso kuphunzira. Ndi ndalama zathu zochepazi 50 sitifikako kawirikawiri, komabe phunziro lake ndi lomwelo, siyani masiku angapo, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, lembani chomwe chachitika.

Ndipo musakhale paliponse. Lero TikTok, mawa YouTube, mkuja wina wakuuzani za kosi yolemeretsa msanga pa intaneti mwalipira, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Wogulitsa kaunjika wa ku msika wa Mupedzanhamo, WhatsApp ndi Facebook Marketplace zamukwanira. Sankhani malo awiri, muwagwire miyezi itatu musanaweruze.

Kwa inu amene mumatsatsira anthu ena ngati ine, gwirizanani polemba, olo pa WhatsApp pomwepo, ma positi angati pa sabata, ndalama ya malonda akulipira ndani, theka la malipiro patsogolo. Lachisanu lililonse mutumizireni mwini shopu lipoti lalifupi asanakufunseni, olo sabata itayenda moipa, makamaka ikayenda moipa. Kasitomala amapirira sabata yopanda malonda koma sapirira munthu wongosowa osamveka.

Lamulungu foni ya geni ndimayisiya m'kabati mpaka madzulo, uthenga woyankha wokha umawauza anthu kuti tiyankha Lolemba m'mawa, ndipo sindinaonepo wogula weniweni atakwiya nazo. Mtsikana uja ndamuuza kuti sabata ino asaposite nsapato yatsopano ngakhale imodzi. Agule kope, abwerere m'mauthenga ake a miyezi iwiri yapitayi, alembe aliyense amene anafunsapo mtengo, ndipo tsiku lililonse alembere asanu asanatsegule TikTok. Tagwirizana kuti Lamulungu likubwerali tikatuluka m'mapemphero abwere nalo kopelo tidzawerengere limodzi.